Tisiye Mpunga pa Likangala?

Uphungu wafala m'mafoni wakuti wofuna kuchepetsa thupi asiye nsima, mpunga ndi chinangwa, azidya nyama ndi mazira, n'kumathamanga m'mawa. Uphunguwu ukuyenera wantchito wokhala pampando tsiku lonse mumzinda wa Zomba. Nanga mlimi wa musikimu ya Likangala, wowerama m'matope kuwokera mpunga kuyambira mbandakucha, athamangirenji? Nyamayo aigula ndi chiyani, poti ngakhale matemba adasowa nyanja ya Chilwa itaphwa mu 2018?

Komabe tisaukane wonse, pakuti matenda a shuga afika ndi kumudzi komwe. Zoyenera kuchepetsa ndi shuga wothira mu tiyi, mandasi, ndi mbale yachiwiri ya futali m'mwezi wa Ramadhan. Ndiwo zamasamba zichuluke, ufa ukhale mgaiwa.