Mphunzitsi amene makanema satiwonetsa

M'tinyumba ta vidiyo tapano pa boda ya Mchinji, kanema wa ku Nigeria akangotchula yunivesite, anyamata amadziwiratu zimene zikubwera: madansi usiku wonse, magulu achinsinsi a zikwanje, ndi mphunzitsi wogulitsa malikisi kwa atsikana. Buku limangowoneka lili m'khwapa. Zikanakhala zongoseketsa tikanazileka, koma makolo ena akuweruzira pomwepo tsogolo la ana awo aakazi. Mtsikana wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, bambo n'kunena kuti kumeneko n'kotayira mwana, umboni wake kanema.

Amwenye anayesako. Mu 3 Idiots, wa mu 2009, Rajkumar Hirani anawonetsa zoona zingapo: Raju amene banja lonse losauka likumuyang'ana, ndi Farhan amene akuphunzira uinjiniya pongomvera bambo ake pamene mtima uli pa kujambula zithunzi. Mabanja athu angadzizindikire pamenepo. Koma mkulu wa koleji anamusandutsa chidole chaukali choti tiziseka, ngati kuti vuto la maphunziro ndi nkhanza za munthu mmodzi.

Chonsecho nkhani yeniyeni ili ku Zomba konkuno. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, anamangidwa mu 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991, osazengedwa mlandu. Mu February 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga kuti akafotokoze zimene ananena m'kalasi, pamene anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja m'Malawi ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi Egypt. Ganizirani: wina mwa amene anakhala pa benchi, cholembera m'manja, ndiye anakatula mawuwo. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa. Ena anachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro anaima miyezi pafupifupi 8.

Ife ophunzitsa, ngakhale a pa mkeka wa madrasa, timadziwa kuti kalasi imayenda pa kukhulupirirana. Wojambula waluso sakanasowa mfuti kapena dansi. Akanangoloza kamera pa nkhope ya mphunzitsi m'mawa wobwerera m'kalasi, akuyang'ana ana 100, osadziwa kuti khutu la boma ndi liti.