Manja Ogwira Makanda Osakwana Masiku

Namwino akamaliza maphunziro ku KUHeS kapena kukoleji ya CHAM, achibale amanyadira akamva kuti azikabereketsa amayi kapena kuthandiza madokotala ku fiyeta. Amene wasankha wodi ya makanda obadwa masiku asanakwane, ndi ochepa amamuombera m'manja. Mtima wanga uli pa ameneyu.

Lowani mu wodi ya makanda ya Chatinkha, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Muli fungo la sipiriti, kutentha kodzetsa thukuta, ndi phokoso la madzi akuwirawira m'botolo la makina a CPAP othandiza kupuma. Khanda losakwana makilogalamu 2 lili gone. Namwino akufuna mtsempha pakadzanja kake, mtsempha wopyapyala ngati ulusi. Amasisita pang'onopang'ono, n'kudikira, n'kubaya osanjenjemera. Kenako amathira mkaka wofinya wa mayi m'kachubu kodzera m'mphuno, mamililita owerengeka, maso ali pachifuwa kuwerenga mpweya. Mwana wotere amatha kungosiya kupuma osalira n'komwe. Amene amamudzidzimutsa ndi namwino, pomusisita kumsana kapena kuphazi.

Ndiyenso amalimbitsa mtima mayi wamantha, kumuthandiza kumanga mwana pachifuwa ndi chitenje, khungu kukhungu, mwa njira ya kangaru. Popanda iye, makinawo akanangolira okha, ndipo amayi ambiri akanabwerera kumudzi chimanjamanja.

Inu amene mwangolandira satifiketi, musaiope wodi imeneyi. Tiana timeneti tikusowa manja anu.