Luso losenda kakhungu ka anyezi

Ukamaonerera mphunzitsi wa sayansi akusenda kakhungu ka mkati mwa anyezi, umayesa ndi ntchito ya mwana. Kakhunguko n'kopyapyala zedi, maselo ake sanasanjikizane, n'chifukwa chake kuwala kumadutsa bwinobwino. Koma kakangochoka pa anyezi kamayamba kupindika, ndiye dzanja lozolowera limakayala msanga pa dontho la madzi pasilaidi kasanaume.

Kenako amadonthezapo ayodini kuti nyukiliyasi ioneke, n'kutenga kagalasi kovindikira. Katswiri amadziwikira apa. Sangokaponya pamwamba ayi. Amagunditsa m'mphepete mwake pamadzipo, n'kumakatsitsa pang'onopang'ono atakachirikiza ndi nsonga ya singano, kuti mpweya uthawire mbali imodzi. Wopupuluma amatsekera timathovu, tozungulira, takuda m'mphepete, ndipo ophunzira ena amatijambula m'kope mokondwera poganiza kuti apeza maselo. Madzi osefukira amawamwetsa ndi kapepala.

Pa maikulosikopu sathamangira lenzi yamphamvu. Amayamba ndi ya x4, akapeza chithunzi ndi pomwe amasinthira ku x40, yomwe pamodzi ndi x10 ya kudiso imakuza zinthu ka 400. Maselo amandandalika ngati njerwa pakhoma. Kubiriwira mulibemo, poti gawo limeneli la anyezi limakulira kumene dzuwa silifika.

Mu 1665 Robert Hooke wa ku England anaona makoma okhaokha a maselo akufa m'khungwa la mtengo. Mwana wa kusekondale, ngakhale pa maikulosikopu yotapa kuwala kwa pawindo ndi kalilole, amaona khoma ndi nyukiliyasi yomwe.