Zikondi Zinai za C. S. Lewis ndi Mau Athu Akuti Kukonda

Kawirikawiri pa guwa ndi m'kalasi timamva mau akuti Agriki anali nao maina anai a chikondi pamene ife tiri nalo limodzi lokha, ndi kuti chifukwa chache chinenero chathu sichikhoza kufotokoza bwino za mtima wa munthu kapena za mtima wa Mulungu. Ambiri amene amanena chotero sadziwa kuti chiphunzitso cha maina anaiwo chinafalikira makamaka ndi buku la C. S. Lewis lotchedwa The Four Loves, limene linatuluka m'chaka cha 1960. Popeza inu mudzaphunzitsa Chichewa ndi Mau a Mulungu kwa ana omwewo, mwina pa tsiku limodzimodzi, kuyenera kuti tilisanthule bukuli mofatsa, tione chimene liri nacho chotipindulitsa ndi pamene latsimphina.

Lewis anabadwira ku Belfast m'chaka cha 1898. Amai ache anamwalira mu 1908 iye ali ndi zaka 9, ndipo patapita masabata owerengeka anatumizidwa ku sukulu yogonera komweko ku England. Ali mnyamata anataya chikhulupiriro, nabwereranso kwa Kristu mu 1931. Anaphunzitsa ku Oxford kuyambira 1925 kufikira 1954, pambuyo pache ku Cambridge, namwalira mu 1963. Bukuli linayamba monga nkhani za pa wailesi zimene anazijambula ku London mu 1958, atapemphedwa ndi bungwe lina la Mpingo wa Episcopal ku America. Liri ndi mitu 6. Utatha mutu wa malonje ndi wina wonena za kukonda zinthu zimene siziri anthu, monga dziko lakwanu ndi zolengedwa, mlembi alongosola zikondi zinai: cha pachibale ndi chizolowezi, chimene Agriki amati storge, ubwenzi, umene amati philia, chikondi cha mwamuna ndi mkazi, ndicho eros, ndi chikondi chochokera kwa Mulungu, chimene alaliki amachitcha agape.

Chuma cheni cheni cha bukuli chiri m'mutu woyamba, umene owerenga ambiri amaudumpha pothamangira maina a Chigriki. M'menemo Lewis asiyanitsa chikondi chopatsa ndi chikondi chosowa. Chopatsa ndicho cha bambo wogwira nchito kuti ana ache adzakhale bwino ngakhale iye atapita. Chosowa ndicho cha kamwana kamantha kothawira m'manja mwa amake. Munthu wopembedza amafulumira kutama choyamba ndi kunyoza chachiwiri, nati ndi kudzikonda chabe. Koma Lewis akana. Anena kuti mwana wosafuna amake sitimtama kuti ndi wopanda dyera, timamuopera kuti mtima wache wazizira. Ndiponso kuti chikondi cha munthu kwa Mulungu sichingaleke kukhala chosowa, pakuti wolengedwa afika kwa Mlengi wache ali manja-manja, wopanda kanthu kompatsa.

Apa chinenero chathu chimthandiza mlembiyu koposa Chingerezi chache. Lingalirani mau akuti kusowa. Timati munthu wasowa mchere, mbuzi yasowa, ndiponso pokumana ndi mbale amene tinalekana naye kale timati mwasowatu, ndinakusowani. Umphawi, kutayika ndi kulakalaka mnzathu, zonsezi tazimanga m'liu limodzi, ngati kuti makolo athu anazindikira kuti munthu wopanda mnzache ndi mmphawi ngakhale nkhokwe yache iri yodzaza. Tiri nao mau akuti kupukwa, onena za mwana wofooka ndi wosadya chifukwa amake achoka, ndi akuti kusungulumwa. Tirinso ndi mwambi wakuti kali kokha nkanyama, tiri awiri ntianthu. Mphunzitsi wodziwa mau amenewa sadzatcha mwana womkakamira kuti ndi wobvuta. Adzayamba wafunsa ngati mwanayo ndi wamasiye, kapena ngati atate ache ali ku Joni ndipo sanabwere zaka zitatu.

Mlembi afika pachimake pamene atsutsana ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo ku Africa wa kumpoto, amene anamwalira m'chaka cha 430. M'buku lache la Confessions, Augustine asimba za imfa ya bwenzi la ubwana wache, ndi chisoni chimene chinasandutsa mudzi wa kwao kukhala mdima. Ndipo phunziro limene atengapo ndi lakuti mtima usadziphatike kotheratu ku chinthu chimene chikhoza kufa. Lewis anena mwaulemu kuti uphungu umenewu ndi wa munthu wochenjera, koma suchokera kwa Kristu amene analira misozi pa manda a Lazaro. Mtima umene ukana kukonda poopa kusweka udzauma gwa, ndipo kuuma kumeneko ndiko chitayiko. Pa tsamba lomwelo mlembi aphonya pang'ono, pakuti atcha bwenzilo Nebridius, pamene Augustine sanatchule dzina la womwalirayo, ndipo Nebridius anali mnzache wina. Koma kuphonya dzina sikuchepetsa mau achewo, makamaka tikakumbuka kuti mkazi wache, Joy Davidman, amene anamkwatira mu 1956, anali kudwala khansa, ndipo anamwalira pa 13 July 1960, chaka chomwecho cha bukuli. Mu 1961 Lewis anatulutsa A Grief Observed, kabuku ka maliro ache, pobisala m'dzina lakuti N. W. Clerk. Woyesa kuwerenga buku loyambalo achita bwino kuwerenganso lachiwirili, kuti aone chiphunzitso chija chitalowa m'ng'anjo.

Chinthu china chimene Lewis achita mwaluso ndicho kuonetsa m'mene chikondi chabwino chimaolera chikadziyesa mulungu. Asimba za mai wina wongopeka, Mrs Fidget, amene anadzipereka ku banja lache usana ndi usiku: kuchapa zobvala zimene sanampemphe, kuphika zakudya zimene sanazifune, kudikira mwana pakhomo kufikira pakati pa usiku. Atamwalira, a m'nyumbamo anayamba kuseka ndi kupuma bwino. Maiyo anafuna kuti anthu asaleke kumsowa, ndipo kupatsa kwache kunasanduka goli. Pafupi pomwepo mlembi atembenukira ku nchito yache ya uphunzitsi, nasimba za Dr Quartz, mphunzitsi wodzipereka amene amakonda ophunzira ache kufikira tsiku limene ayamba kuganiza paokha ndi kumtsutsa, pomwepo nawatsekera chitseko. Mfundo yache ndi yakuti timadyetsa mwana kuti adzathe kudzidyetsa, ndipo timamphunzitsa kuti tsiku lina asadzatifunenso. Masamba amenewa ayenera kuwerengedwa ndi wophunzira uphunzitsi ali yense asanalandire kalasi lache loyamba.

Tsono tinene za zofooka, ndipo choyamba chiri m'mutu wa ubwenzi. Kwa Lewis, mwamuna ndi mkazi okondana amapenyana maso ndi maso, koma mabwenzi amakhala phewa ndi phewa, maso ao ali pa chinthu chimodzi chimene onse achikonda, kaya ndi ndakatulo, kaya ndi nzeru zina. Anena kuti kuthandizana pa tsoka kumachitika ndithu, koma sindiko mtima wa ubwenzi. Kuli ngati chododometsa chimene mabwenzi amafuna chithe msanga kuti abwerere ku nkhani zao. Chithunzi chimenechi nchokongola, koma ndi chithunzi cha Oxford, cha gulu lija la Inklings m'mene Lewis, J. R. R. Tolkien ndi anzao anali kuwerengerana zolemba zao. Ndi ubwenzi wa amuna ophunzira amene mphika wao suzima moto. Ndiponso masamba amene aseka akazi olowerera nkhani za amuna ali ndi mnyozo umene owerenga ambiri audandaula, ndipo sitiona chifukwa chowaikira kumbuyo.

Ife tidziwa ubwenzi wa mtundu wina. Chinjira, chimene chimamangidwa makamaka pakati pa akazi, chimayamba ndi kupatsana ufa, nkhuku kapena nsalu, ndipo chimaonekera pa matenda, pa chikuta ndi pa maliro. Timati mnzako akapsa ndebvu mzimire, ndipo ubwenzi wothawa pa tsoka timautcha wa nkhwangwa, wokoma pokwera pokha. Kodi Malembo ali mbali iti? Jonatani anapulumutsa moyo wa Davide pamaso pa atate ache omwe. Rute anakana kusiya apongozi ache Naomi pa nthawi ya umasiye ndi umphawi, natola khunkha m'munda kuti onse awiri adye. Ndipo pa Yohane 15:13 Ambuye ayesa kukula kwa chikondi ndi kutaya moyo chifukwa cha abwenzi. M'zonsezi thandizo ndilo mtima wa ubwenzi. Pa mfundo iyi nkhalamba ya kumudzi yodziwa chinjira iri pafupi ndi Malembo koposa mphunzitsi wa ku Cambridge.

Chofooka chachiwiri mlandu wache sugwera Lewis yekha, pakuti iye anatcha mutu wache wotsiriza ndi liu la Chingerezi lakuti Charity, ndipo sanamange nyumba yache yonse pa maina a Chigriki. Koma otsatira ache asandutsa mainawo kukhala mabokosi anai otsekeka, ndi kuphunzitsa kuti agape ndi liu loyera losunga chikondi cha Mulungu chokha. Chipangano Chatsopano sichibvomereza zimenezi. Liu lakuti eros mulibemo konse, ndipo storge lipezeka lokha lokha lophatikizidwa ndi mau ena, monga pa Aroma 1:31 ndi 12:10. Mneni wa agape ndiye agwira nchito pa Yohane 3:19 ponena za anthu okonda mdima, ndi pa 2 Timoteo 4:10 ponena za Dema wokonda dziko lino. M'Chipangano Chakale cha Chigriki mneni yemweyo anena za chilakolako choipa cha Amnoni pa Tamara, pa 2 Samueli 13. Ndipo ponena kuti Atate akonda Mwana, Yohane 3:35 atenga mneni wa agape, pamene Yohane 5:20 atenga wa philia, tanthauzo losasintha.

Chifukwa chache tisadandaule kuti pa Yohane 21:15-17, pamene Yesu afunsa Petro katatu ndipo Chigriki chisinthanitsa aneni awiriwa, Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, lagwiritsa nchito kukonda ponse ponse. Akatswiri ambiri a Chigriki amaona kuti Yohane amasinthanitsa mau ofanana mwa chizolowezi chache, monga achitira pa ndime yomweyo ndi mau a nkhosa ndi a kudyetsa. Mphamvu ya nkhaniyo iri pa katatu kaja: Petro anakana Mbuye wache katatu akuotha moto wa makala, ndipo afunsidwa katatu pafupi ndi moto wina wa makala. Mwana wa Sitandade 5 akhoza kumva zimenezi popanda liu limodzi la Chigriki.

Ndipo kodi nzoona kuti tiri nalo liu limodzi? Tengani tsinde lakuti -konda, muone nthambi zache. Kukondana kufuna anthu awiri. Kukondedwa ndiko kulandira. Kukondwa ndi kukondwera ndizo zipatso zache. Kudzikonda ndiko chikondi chobwerera mwini. Ndipo kukondera, kumene kusiyana ndi kukonda pa timalemba tiwiri tokha, ndilo tchimo lalikulu la m'kalasi: kupatsa malikisi mwana wa mfumu, kuyang'ana okhoza okha, kuiwala wa malaya ong'ambika wokhala kumbuyo. Chimene Lewis atenga masamba ambiri kuti achionetse, kuti chikondi chikapotoka pang'ono chisanduka chosalungama, galamala yathu ichionetsa ndi kamphatikira kamodzi. Onjezanipo chibale, chifundo, chisoni, kukoma mtima, kusirira ndi kukhumba, ndipo mudzaona kuti nkhokwe yathu siiri yopanda kanthu.

Komabe tisadzitame msanga, pakuti pali malo pamene bukuli litidzudzula ifenso. Timati kupatsa nkuika, ndiko kunena kuti chimene wapatsa mnzako chidzakubwerera tsiku la njala yako. Timatinso chibale ndi fupa, sichiola. Nzeru zimenezi zasunga midzi yathu, koma ziri ndi malire, pakuti zifika kwa mbale ndi kwa mnansi wokhoza kubwezera. Mutu wotsiriza wa Lewis utikumbutsa za chikondi chofika kwa mdani, kwa wosayamika ndi kwa wosakondeka, chimene munthu sachipeza mwa iye yekha koma achilandira monga mphatso. Afanizira zikondi za chibadwidwe ndi munda umene sungadzilimire wokha kapena kudzimangira mpanda. Anenanso chinthu chobvuta kuchimeza: kuti ife tomwe tisowa kukondedwa motero, pa nthawi zimene mulibe mwa ife kanthu kokondweretsa, ndipo kunyada kwathu kumakana mphatso yotere.

Tiweruza tsono kuti The Four Loves ndi buku loyenera kukhala m'nyumba ya mabuku ya koleji iri yonse ya aphunzitsi, koma liwerengedwe ndi maso awiri, lina pa tsamba, lina pa mudzi wa kwanu. Chingerezi chache nchosalala, ngakhale zitsanzo zina za m'mabuku akale a ku Ulaya zidzafuna mkulu wozimasulira. Pokonza phunziro la chikondi, musayambe ndi kulemba maina anai a Chigriki pa bolodi. Uzani ana atole kwa agogo ao mau ndi miyambi yonena za kukonda, kusowa ndi ubwenzi. Aike m'magulu monga aona iwo eni. Kenaka muwerenge nao nkhani ya Rute kapena ya Msamariya wachifundo, ndi kuwafunsa kuti ndi mau ati mwa amene atola ayenera nkhaniyo, ndipo ndi pati pamene mau onse aperewera. Mukatha phunzirolo, tsegulani kaundula wa kalasi lanu, muwerenge maina a ana amene simunawafunse funso sabata yonseyo.