Chipongwe cha Pachibale m'Masewero a Nthabwala a ku America

1.0 Mau Oyamba

Pakati pa anthu oonerera masewero a nthabwala a pa wailesi ya kanema, makamaka aja osimba za banja limodzi, pali mtsutso wosatha wokhudza mwana amene amapezerera mbale wake. Ena amati mtengambali wotere ndiye mchere wa sewero, pakuti ana a bere limodzi amatero m'nyumba iliyonse. Ena amati mlembi woseketsa anthu ndi misozi ya mwana akuphunzitsa nkhanza. M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti gwero la mtsutsowu lili m'kayankhulidwe: pali mitundu iwiri ya chipongwe, ndipo luso la mlembi limaonekera pa mtundu umene waika m'kamwa mwa mtengambali wake. Tiunika masewero atatu: The Wonder Years (ABC, 1988 mpaka 1993), Malcolm in the Middle (Fox, 2000 mpaka 2006) ndi Family Guy, limene linayamba pa Fox m'chaka cha 1999.

2.0 Miyeso Yathu

Radcliffe-Brown (1940) anafotokoza za ubale umene mwambo umalola munthu kunyoza mnzake popanda mlandu. Ife sitifunika kuuzidwa zambiri pamenepa, poti chisuweni timachidziwa. Iye anaonanso kuti pena onse awiri amaloledwa kubwezerana, pena mmodzi yekha ndiye amanyoza. Labov (1972), pofufuza kayankhulidwe ka anyamata a ku Harlem mu mzinda wa New York, anasiyanitsa chitonzo chamasewera ndi chitonzo chenicheni. Chamasewera chimanena zinthu zimene aliyense akudziwa kuti n'zabodza, ndipo yankho lake ndi chitonzo chinzake. Chenicheni chimakhudza chilema kapena vuto loona la munthu, ndipo wonyozedwayo amayankha pokana kapena podziteteza.

Kuchokera pa maganizo awiriwa tapanga mafunso atatu:

(1) Kodi chonenedwacho chikulasa pa bala lenileni?
(2) Kodi wonyozedwa ali ndi mpata wobweza mau?
(3) Kodi nkhaniyo tikuimva kuchokera pakamwa pa yani?

3.0 Wayne ndi Kevin

Mu The Wonder Years, Wayne Arnold amaitana mng'ono wake Kevin ndi liu loti "butthead", lofanizira mutu wa munthu ndi matako. Pa funso loyamba liuli ndi lamasewera, chifukwa palibe angalitenge ngati loona, ndipo pobwerezedwabwerezedwa limasanduka dzina. Vuto lili pa funso lachitatu. Sewero lonse limasimbidwa ndi Kevin atakula, m'mau a Daniel Stern, pokumbukira zaka za 1968 mpaka 1973. Choncho Kevin wamng'ono akagonja pamaso pa mkulu wake, Kevin wamkulu amabweza chipongwecho m'makutu mwathu, pamene Wayne sangamve kapena kuyankha. Wopezereredwa ndiye mwini bwalo, ndipo wopezerera akuweruzidwa kulibe. Ichi ndicho chifukwa chake Wayne amaoneka wosazama m'zigawo zambiri zoyambirira. Pamapeto timauzidwa kuti iye ndiye anatenga ntchito ya mipando ya atate ao atamwalira, koma ngakhale ulemu umenewu tikuulandira kuchokera kwa Kevin yemweyo.

4.0 Reese, Malcolm ndi Dewey

Sewero la Linwood Boomer, lokhala ndi zigawo 151, ndi laukali kuposa loyambali, komabe tikuona kuti linalembedwa mwaluso loposa. Reese amamenya, Malcolm, amene nzeru zake zinayesedwa n'kupezeka pa 165, amabaya ndi lilime, Dewey, wamng'ono kwa awiriwa, amayankhula mofatsa ndi kutchera akulu ake misampha. Mwana aliyense ali ndi chida chake, motero funso lachiwiri layankhidwa: palibe amene mau ake ali otsiriza masiku onse.

Pa funso loyamba pali chodabwitsa. Malcolm akamanena Reese kuti ndi mbuli amakhala akulasa pa bala lenileni, pakuti Reese sukulu imamkanika. Mwa muyeso wa Labov, chitonzo choopsa m'nyumbamo chimachokera kwa womenyedwa. Alembi anaidziwa mfundoyi. M'chigawo china cha chaka chachiwiri Reese aleka kupezerera anzake ku sukulu atagonjetsedwa ndi mtsikana pa masewero ogwetsana, ndipo Malcolm azindikira kuti pakamwa pake pamalekereredwa chifukwa choopa nkhonya za mkulu wake. Lilime la wina limadalira chibakera cha wina.

Malcolm nayenso amayankhula molunjika kwa oonerera, koma amatero ali mwana, nkhani ili mkati, ndipo zochitika zimamtsutsa kawirikawiri. Sitikakamizidwa kumkhulupirira. Onjezani apo luso la Reese la kuphika, ndipo muona munthu wathunthu, wokhoza kudedwa ndi kumveredwa chisoni nthawi imodzi.

5.0 Meg

Mu Family Guy mwana wamkazi, Meg, amanyozedwa ndi alongo ake pamodzi ndi makolo, ndipo nthabwala yodziwika kwambiri ndi ya atate ake yomuuza kuti akhale chete. Lamulo lotere silinena kanthu za Meg. Ntchito yake ndi kumlanda mpata woyankhula. Apa funso lachiwiri lafa. M'chigawo cha 2011 chotchedwa "Seahorse Seashell Party" Meg awadzudzula onse, banja liyamba kudyana lokhalokha, kenaka iye abweza mau ake ndi kuvomera kukhalabe chotayirapo mkwiyo kuti banja lisapasuke. Oonerera odandaula ndi seweroli sitiwatsutsa. Alembi anampatsa mau kamodzi kuti atsimikize kuti kukhala chete kwake n'koyenera.

6.0 Phunziro kwa Okonza Chiyankhulo

Nkhaniyi ikutikhudza pa ntchito yomasulira ndi yolemba masewero m'Chichewa. Liu la Chingerezi loti "brother" silinena amene anayamba kubadwa, ndipo mlowam'malo "you" ndi mmodzi kwa wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Brown ndi Gilman (1960) anasonyeza kuti m'ziyankhulo zokhala ndi alowam'malo awiri, kubwezerana liu limodzimodzi kumasonyeza kufanana, pamene kupereka lina ndi kulandira lina kumasonyeza kusiyana mphamvu. Chichewa chili ndi "iwe" ndi "inu", "mkulu" ndi "mng'ono", ndiponso "a-" waulemu. Womasulira sangathawe kusankha pamene mlembi wa Chingerezi sanasankhe. Taonani ziganizo izi, zimene tapeka tokha:

(4) Iwe Reese, ndiwe mbuli.
(5) Achimwene, nzeru zanu n'zozama ndithu.

Chiganizo (4) chiika anyamatawo pa msinkhu umodzi, ndipo kwa omvera ena chipatsa Malcolm mlandu wa mwano umene m'Chingerezi mulibe. Chiganizo (5) chisunga ulemu wa pakamwa n'kuusandutsa mkondo. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi kulemba mtengambali mwatsopano, ndipo kungathe kusamutsa chifundo cha omvera kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake.

Chachiwiri ndi cha mau a m'mabuku a sukulu ndi m'malangizo a nyumba zoulutsa mau. Tili ndi aneni monga "kusereula", "kunyoza", "kutonza", "kupezerera" ndi "kuzunza". Tikupempha okonza matanthauzo kuti asawaunjike pamodzi ngati ofanana. "Kusereula" kumalola "kusereulana" popanda kusintha mtima wa liulo, pamene "kupezerera" kumafuna kuti wina akhale wochepa mphamvu. Kusiyana kumene oonerera a ku America akukanganirana, Chichewa chinakuika kale m'aneni ake.

7.0 Mau Otsiriza

Taona kuti kuchuluka kwa nkhonya sindiko muyeso wa nkhanza m'sewero. Nyumba ya Reese ili ndi ndeu zambiri, komabe mwana aliyense amayankha. Wayne amaweruzidwa popanda kumvedwa. Meg amaletsedwa kuyankhula. Mlembi wa Chichewa amene afuna kuseketsa anthu ndi mikangano ya ana a bere limodzi ayambe wadzifunsa ngati mwana wosekedwayo wamsiyira mau obweza.