Za Dzina la Cisoti Cochedwa Béret

Abale, mwaciona cisoti cija cofewa, cozungulira, copanda mlomo, cimene asilikari amabvala copendeka. Afalansa amacicha béret, ndipo ambiri amayesa kuti ciyambire cinali cisoti ca nkhondo. Koma tikalondola kumene dzinalo linacokera, tidzapeza kuti maganizo amenewo ngolakwa.

Mauwa Afalansa anawabwereka kwa anthu a ku Béarn, dziko la m'tsinde mwa mapiri a Pyrénées, amene m'cinenero cao amati berret. Kumeneko cinali cisoti ca abusa a nkhosa, colukidwa ndi ubweya, ndi kucinyidwa m'madzi kufikira citalimba, kuti mvula isapyole. Dzina lina lomveka ponseponse, lakuti béret basque, liwamana a ku Béarn ulemu wao. Pakuti angakhale a Basque, anansi ao, amacibvalanso, iwo m'cinenero cao amati txapela. Asilikari a France olonda m'mapiri anayamba kucibvala m'mbuyo mwace, pakutha pa zaka za m'ma 1800.

Koma muzu wace uli patali. Berret anacokera ku mau a Cilatini akuti birrus, ndico copfunda cokhala ndi cophimba kumutu, cochinjiriza munthu ku mvula ndi cisanu. Lamulo la Kaisara Diocletian la caka ca 301, loika mitengo ya malonda, licichula. Augustine, bishopu wa ku Hippo, amene anamwalira m'caka ca 430, anacenjeza mpingo wace kuti asampatse birrus wa mtengo wapatali, popeza anabadwa kwa anthu osauka. Ndipo akampatsa, adzagulitsa ndi kugawira aumphawi. Pa muzu womwewo panaphukanso biretta, cisoti ca ngondya zinai ca ansembe a Roma.

Taonani tsono ulendo wa mau amodzi: pamutu pa mbusa, pamutu pa wansembe, pamutu pa msilikari. Cobvala cinasokedwa cifukwa ca mvula, anthu nacisandutsa cizindikiro ca ukulu, naiwala mbusa amene anayamba kucibvala. Ife amene tiri nazo zobvala za udindo mumpingo, akulu ndi amai omwe, tidziyese pamenepa ngati tifanana ndi Augustine. Pakuti cisoti cingakhale cikhale pamutu pa kazembe wa nkhondo, ciri ubweya wa nkhosa ndithu.