Malonda a Mpweya: Adzapindule Ndani ku Thyolo?

M'chaka cha 1997, mumzinda wa Kyoto ku Japan, maiko adapangana zochepetsa utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi. M'panganolo mudalowa mfundo yachilendo: dziko lolemera likhoza kulipirira ntchito yochepetsa utsi m'dziko losauka, kenaka n'kudziwerengera ngati lachepetsa kwawo. Tani imodzi ya mpweya wa kaboni imene yapewedwa imasanduka chiphaso chogulitsidwa pamsika. Pangano la ku Paris la 2015 nalo lidasunga malondawa.

Pongoimva, nkhaniyi n'njokoma. Koma tiyeni tiiyeze ndi boma la Thyolo. Mtengo ndiwo umamwa mpweyawo, ndipo mtengo umafuna nthaka. Nanga nthaka ya ku Thyolo ili m'manja mwa yani? Chiyambire zaka za m'ma 1890, pamene Harry Johnston adapatsa Azungu zikalata za umwini wa malo, dera lalikulu lachonde lidakhala la maesiteti. Kumeneko ndiko kuli tiyi wobiriwira chaka chonse, pamodzi ndi nkhalango za bulugamu zimene nkhuni zake zimaumitsa tiyi m'fakitale. Mlimi wa pamudzi, amene kamunda kake kali pamtsetse ndipo sikamufikitsa ku masika ena, adzale pati mitengo yogulitsa? Amene adagwetsa nkhalango ya phiri la Thyolo sankadana ndi mitengo ayi. Idawakankha ndi njala ya malo. Msika wotere umadziwa mwini chikalata, pamene zidzukulu za anthu a thangata zingoonerera.

Ena adzati wosauka amalowa m'malondawa kudzera pa mbaula zosatha nkhuni. N'zoona, mbaulazo n'zothandiza, ndipo mayi amene wapumako mtolo wa nkhuni sangazinyoze. Vuto lagona pa kawerengedwe, pakuti mpweya wopewedwa suikidwa pa sikelo ngati dengu la tiyi. Mu 2024 bungwe la Verra lidafafaniza ziphaso zoposa 5 miliyoni za kampani ya C-Quest Capital, imene inkagawa mbaula m'Malawi muno ndi m'maiko ena, zitadziwika kuti ziwerengero zidakokomezedwa. Chiphaso chabodza chikagulidwa, utsi wa wogulayo umakwera ndithu kumwamba popanda chobwezera.

Tsono mpweyawo suona malire. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera, ndipo ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Phalombe adakokolola nyumba ndi minda ya anthu amene chiphaso cha kaboni sadachionepo n'kamodzi komwe.